Giledala pa Bangula

Madzi atabwerera kwawo anatisiyira matope
ofika m'chiuno mwa chikwangwani cha pamsika.
Zuze analiza giledala kusanache,
injini ikutsokomola utsi wa dizilo.

Chitsulo chikupala msewu, chikutembenuza
mchenga wa Thangadzi, bango,
chitseko chobiriwira chopanda nyumba,
mlamba wouma pakhonde pa sitolo,
nsapato imodzi ya mwana.

Ife m'mbuyo ndi mafosholo,
thukuta likuwawa m'maso.
Mai Alufandika akufukula mbale zawo,
kuwerenga, kuyambiranso kuwerenga.

Dzuwa lili paliwombo phula linaonekera,
kachigamba chabe, kakuda bii.
Wakabaza woyamba anadutsa, belu ngrii,
thumba la mchere pakaliyala.

Zuze anazimitsa injini.
Anatsika, nabwerera wapansi
kukatola nsapato ija.