Botolo Lomwe Linakana Kuundana

Linagona usiku wonse mufiriji botolo lija,
pakati pa mafulizesi olimba gwa,
koma m'mawa linali likadali madzi.
Ndinalimenyetsa pa benchi chifukwa cha mkwiyo
ndipo pomwepo, m'manja mwangamu,
kuyera kunatsika kuchokera kukhosi mpaka kutako
monga uthenga wa maliro umadutsira m'mudzi.

Ndinamusimbira Chanazi pa foni.
Mlongo wangayo ali kumutu kwa dziko,
pa sitima yong'amba ayezi ndi chifuwa,
kumene dzuwa limaiwala kulowa.
Anaseka mpaka kutsokomola.
Akuti, Zuze, chimene wachiona pa Bangula
ndi chimene ine ndinachikwerera ndege zitatu.

Akuti mitambo ya kumeneko imasenza madontho
ozizira kuposa firiji yangayi,
koma saundana.
Dontho loyera limadikira mlendo:
kafumbi, kanyenyeswa ka zamoyo za m'nyanja
kolavulidwa m'mwamba ndi thovu la mafunde,
kanthu koti diso silingakaone.
Kakafika, madzi amapeza pogwira
n'kusanduka ayezi.

Nyanja ikavundikiridwa ndi ayezi, akuti,
imakhala ngati munthu womangidwa pakamwa,
silavula kanthu, mpweya umayera mbee.
Chivundikiro chikang'aluka
mafunde amayambanso kuponya zawo kumwamba.
Iye amatchera mphepo ndi kansalu kosefera
monga ife titchera makakana ku Ndindi,
n'kumawerenga zomwe wakola.

Ndinafunsa, nanga phindu lake?
Akuti mtambo wa madzi umachedwa kuchoka,
umabweza dzuwa, umafunditsanso nyanja ngati bulangete;
wa ayezi umayoyoka msanga.
Kuti dziko litentha motani mawa
gawo lina lagona pamenepo.
Zambiri sitinazidziwe, anatero,
kenako mayunitsi anatha.

Kuno fumbi sitilisaka.
Limalowa lokha m'mano, m'makutu, mu shuga,
ngolo ikadutsa, ng'ombe zikamatsikira ku Shire.
Tikapita ku Nchalo nthawi yotentha nzimbe
phulusa limatera pa malaya oyera.
Ndakhala ndikulisesa ndi mwano zaka zonsezi
osadziwa kuti kwina amalilondola ndi sitima.

Masana ano magetsi athawanso.
Mafulizesi ayamba kulira m'mapepala mwawo,
ndatsitsa mtengo kawiri, ana akudikira kachitatu.
Pakhoma pa golosale pakadali mzere wa matope
pomwe madzi anafika chaka chija,
usinkhu wa mapewa anga.
Sindinamufunse Chanazi ngati mzerewo
uli pachibale ndi ayezi wake wosungunukayo.

Kamvuluvulu wadzuka ku bwalo la mpira,
wanyamula dothi, majumbo, mankhusu a mapira,
akukwera nazo.
Ndaphimba maso ndi dzanja, ndikumuyang'ana
mpaka pomwe wathera,
pansi pa kamtambo kamodzi
komwe kakhala chiimire kuyambira m'mawa.