Chidindo cha Chala Pansi pa Chikopa

Loweruka m'mawa, chipale chikusungunuka m'misewu ya Elkhart,
Marisol, mwana wa a Quintero, wagogoda pa galaja yanga
atakoleka bokosi lakuda lomufika m'chiuno.
"Mayi Hostetler, sakisofoni yanga ikulira ngati tsekwe.
Aphunzitsi akuti vuto ndine."

Ndatsegula. Alito ya ophunzira,
yobwereka kusukulu, nambala yolembedwa ndi penti yoyera,
mkuwa wake wopyapyala ngati chitini cha nyemba,
khosi lopindika pang'ono pomwe mwana wina
anaigwetsa pokwera basi.
Kumbuyo kwake, dzina la dziko lakutali.
Ndatsonya.

Ine ndinalowa fakitale ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi.
Wezulo ikalira, msewu wonse unkadzaza zipewa.
Bambo anga ankasula kukamwa kwa malipenga,
nyundo inawagonthetsa khutu lamanzere.
A Orval, a benchi la pawindo,
ankajambula maluwa pa mkuwa ndi kachitsulo kosongoka,
osayang'ana pepala, akutafuna fodya.
Amati lipengali linabadwira tsidya lija la nyanja,
m'manja mwa amisiri a ku Ulaya.
Ife tinkati chabwino, koma linakulira kwathu kuno.
Nthawi ya nkhondo, amayi ankasimba,
mabenchi omwewo anapangirapo zoyezera za m'ndege,
nyimbo zinadikira pakhomo ngati galu.

Ntchito yanga inali ya zikopa,
tizikopa tozungulira, makumi awiri ndi mphambu,
kalikonse kotseka bowo lakelake.
Ulimbo, kalawi kamoto, chala chachikulu kukanikiza.
Zaka makumi atatu ndi chimodzi.
Kenako kalata mu envulopu yoyera,
makina akukwezedwa pa malole,
tauni n'kuphunzira kupanga nyumba zoyenda pa matayala.

Ndazimitsa getsi, ndalowetsa kanyale m'mimba mwa lipenga.
Kuwala sikunama:
apo, pansi pa kiyi wachitatu,
kamzere kowala ngati mwezi wongokhala kumene.
"Waona? Si iwe. Mpweya ukuthawira apa."
Mwana wapumira m'mwamba, mapewa atsika.

Ndatenthetsa kiyi, chikopa chakale chamatuka,
ndipo kuseri kwake, mu ulimbo wouma,
chidindo cha chala.
Chocheperapo pa changa,
chili ndi kachipsera pakati, pomwe changa chili nako.

Ndayamba ndakhala chete.
Kwinakwake, kumene kumacha kuno kukamada,
munthu anakhala pa benchi, msana ukuwawa,
kapitawo maso ali pa wotchi,
nakanikiza pamenepa,
kaya akuganiza za lendi, kaya za mwana wa chifuwa.
Sanalakwitse ayi.
Chikopachi chatha ndi malovu a ana,
chaka ndi chaka, wina kusiyira mnzake.
Nthawi yonseyi ndakhala ndikumutukwana mumtima
munthu wopsa chala chimodzimodzi.

"Mayi, mukulira?"
"Ndi utsi wa ulimbo uwu. Nyowetsa bango lakolo."

Waika pakamwa, masaya atupa.
Liwu loyamba ndi tsekwe yemwe uja.
Lachiwiri ladzandira ngati thole longobadwa.
Lachitatu laima nji,
lalitali, lofunda,
misomali m'zitini za pa shelefu yanjenjemera,
galu wa a Stutzman wayankha kuseri kwa mpanda.
Marisol wachotsa pakamwa, waliyang'ana lipenga
ngati lamuitana dzina.

Wafunsa mtengo, dzanja likupisa m'thumba la jekete.
Ndati madola atatu,
ndi lonjezo loti aziipukuta m'kati akatha kuimba,
ndiponso asaitsamiritse pa mpando, ndaona zambiri ine.

Wapita, bokosi likumugunda bondo.
Kachikopa kakale sindinakataye.
Kali pawindo, m'kabotolo kamene munali uchi,
pambali pa nyundo ya bambo.