Tebulo la Pakona

Bambo anafika ndi basi ya usiku kuchokera ku Mercedes,
maola khumi mawondo ali chipindire,
atavala jekete lija la pamaliro a mayi.
Pakhomo Fermín anawapempha chipewa.
Anamuyang'ana ngati wawapempha dzino,
n'kulowa nacho kumutu.

Ndinawasungira tebulo la pakona,
loyang'anizana ndi galasi
lomwe ine ndi moto wanga timaonekera
ngati nsomba m'botolo.
Anthu a mu Buenos Aires amadikira miyezi itatu
kuti akhale pampando umenewo.
Sindinawauze zimenezo.

Pansalu yoyera panali mafoloko atatu, mipeni iwiri.
Anazikankhira kumbali ndi chala chimodzi
n'kusolola mpeni wawo kuseri kwa lamba,
uja wa chigwiriro cha nyanga,
womwe unkandisendera malalanje ndili mwana,
womwe unathena ana a ng'ombe a Don Aurelio
kwa zaka makumi anayi.
Mayi wa patebulo loyandikana nawo anagwira mkanda wake.

Ludmila anatula mbale, manja kumbuyo, n'kuyamba kulakatula:
nyamayi yagona masiku makumi asanu m'chipinda chozizira,
mcherewu ndi wa kunyanja ya ku Patagonia,
ng'ombeyi inkadya msipu wokhawokha.
Bambo anadzutsa maso:
"Nanga ng'ombe imadyanso chiyani, mwanawe?"

Kanthiti kamodzi pakati pa mbale yotakata,
kali phee ngati hatchi yosokera m'dambo.
Ndinkawaonera kupyola m'utsi.
Anadula. Ananunkhiza. Anatafuna nthawi yaitali
ndi mano a mbali imodzi, omwe anatsala.
Osagwedeza mutu, osandiyang'ana.
Woyandikana nawo uja atalandira kapepala kolipirira
anasuzumira ndi diso la pambali,
ndipo ndinaona milomo yawo ikuwerengera chamumtima:
thole limodzi. Thole ndi chishalo chomwe.

Munthu ameneyu ndiye anandiphunzitsa moto.
Ankadzuka nyenyezi zisanazime,
kukoleza nkhuni za quebracho padothi,
kupachika nthiti zathunthu pamtanda wachitsulo,
msana wawo utatchinga mphepo.
"Moto suuzidwa kuti fulumira," ankatero,
"tambasula dzanja, uwerenge.
Likapirira mpaka eyiti, nyama igone."
Eni munda ankadya pamthunzi.
Ife tinkadya zotsala, chiimirire, agalu ali m'miyendo.

Usiku pakati alendo anatha,
makandulo anazimitsidwa limodzilimodzi,
mpando wa pakona uli pululu.
Ndinathamangira kumsewu. Kulibe.

Ndinawapeza kukhitchini, jekete lili pamsomali,
malaya atapindira m'zigongono,
dzanja lili pamwamba pa makala anga.
"Faifi," anatero. "Kumanzereku kukupsa mtima."
Anatenga fosholo n'kubalalitsa makala
monga munthu wofunditsa mwana wogona.

Kenako anavundukula thireyi ya zotaya,
tinyama ta m'mphepete timene timadula
kuti mbale zioneke zowongoka,
topsererapserera, mafuta ali chezichezi.
Anang'amba buledi ndi manja,
theka kupatsa Wilber, mnyamata wotsuka mbale,
theka lawo.
Anadya chiimirire,
mafuta akutsetserekera kuwotchi.

Zaka khumi ndi ziwiri ndakhala ndikudikira mawu amodzi.
Ndinaima pomwepo, epuloni yanga yoyera ili mbee,
dzina langa litasokedwa pachifuwa ndi ulusi wofiira.

Anapukuta mpeni pathalauza, mbali iyi, mbali inayo.
"Lisandro," anatero,
"amene amakugulitsa nkhuni akukubera.
Pa zisanu zilizonse, imodzi ndi yaiwisi.
Ndaimva ikulira ndili kuseri kwa galasi lako lija."

Anatolanso kanyama kena, kakuda kwambiri,
kukayang'ana mozungulira,
n'kundipatsa pansonga ya mpeni.
Ndinatsegula pakamwa ngati wa zaka zisanu ndi chimodzi.

Basi ya ku Mercedes imanyamuka seveni koloko m'mawa.
Anafunsa ngati ilipo ya Lolemba.