Foni Itazima pa Njanji ya Mchinji

Sekanawo, mwana wa mlongo wanga,
wabwera kutchuthi ndi masewera achilendo:
akuti kuli anthu osadziwana
amene amabisirana timabokosi m'tchire,
m'katimo mulibe ndalama, mulibe mchere,
muli kapepala kolembapo dzina
kuti nawenso unafika.

Ndinaseka mpaka kutsokomola.
Wobisa chinthu kuti chipezeke
sindinamuonepo chibadwire.

Anandiwerengera mitundu yake pa zala.
Kalipo kosanama:
pomwe akuuza ndi pomwe kali.
Kalipo kotuma: ukakapeza
kakulozera kwa kanzake, kanzakeko kwa kena,
ngati maofesi a pa boma tsiku lofuna chidindo.
Kalipo ka ndagi, kokana kutchula malo
mpaka utatuluka thukuta ndi masamu.
Kena n'kochepa ngati nzama,
kamakakamira kuchitsulo ndi maginito.
Ndipo kena, akuti, si kabokosi n'komwe,
thanthwe chabe: umaima, umaliyang'ana,
n'kukanena zimene waona.
Ndinati kamenekotu ndakhala ndikukapeza
moyo wanga wonse osadziwa.

Loweruka tinanyamuka.
Pa foni yake panali kamuvi kotitsogolera,
koma magetsi anali atathawa Lachinayi,
ndiye tisanapitirire msika kamuviko kanatsinzina.
Mwanayo anangoti njo, mikono lende.
"Tibwerere, amalume."

Ndinati, isanafe unawerengapo chiyani?
Anakanda mutu.
"Kumadzulo kwa siteshoni, mamita mazana atatu,
pomwe madzi amakwawa pansi pa chitsulo."

Mwana iwe!
Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri ndinayenda njanji iyi
sipanala ili paphewa,
kumenya mabawuti, kumvetsera lomwe lalira mopanda mtima.
Kumadzulo sindifunsa munthu:
n'komwe dzuwa limakagona ku Zambia popanda pasipoti.
Mamita ali m'mawondo mwangamu.
Mitanda itatu ya njanji ndi mamita awiri,
werenga mazana anayi ndi makumi asanu
ndipo usandilankhulitse.

Tinawerenga.
Mbuzi zinatisokoneza, tinayambiranso pa chikwangwani.
Mayi wina wosenza nthochi anaima n'kutiyang'anitsitsa,
mwina amati taba mabawuti,
mwina amati mitu yazungulira.

Pa mazana anayi ndi makumi anayi, kalavati uja.
Ndinamuika ndine, chaka cha mvula yoononga,
ine ndi malemu Kadzakumanja.

Sekanawo anafuna kupisa dzanja paliponse.
Ndinati dikira, maso ayambe.
Bowo lotsekedwa ndi ukonde wa kangaude
silinalandire mlendo, lisiye.
Mwala umene wagona chagada,
dothi lake likuyang'ana kumwamba,
unatembenuzidwa ndi munthu.
Ndipo mvula siunjika miyala itatuitatu.

Poyamba tinavundukula botolo la kachasu,
chuma cha mlonda wina, tinalibwezera mwaulemu.
Kenako mazira awiri a nkhuku yothawa kwawo.
Kachitatu, kuseri kwa njerwa yogwedera,
kachitini ka mafuta odzola
kokutidwa ndi jumbo yakuda.

Anakuwa mpaka mbalame zinabalalika.

M'katimo mayina asanu ndi awiri,
lomaliza linalembedwa chimanga chisanamasule.
Batani la malaya, kakhobidi ka ku Zambia,
pensulo yotafunidwa kumutu.
Anthu onsewa anagwada pomwe ndinagwada ine
ndili ndi simenti m'zikhadabo,
ndipo palibe anadziwa dzina langa.

Ndinapisa m'thumba.
Nati yakale ya njanji, imene ndimayenda nayo
chichokereni ntchito,
ndinaigoneka pambali pa batani lija.

Sekanawo analemba dzina lake, n'kundipatsa pensulo.
Dzanja linanjenjemera, zilembo zinapendama:
Dzoole, wa gulu lokonza njanji.
Pansi pake iye anawonjezera:
tapeza ndi miyendo.

Pobwerera sanaitulutse foni ija.
Anali patsogolo, mutu pansi, milomo ikugwedera,
anasokonezeka pa mazana awiri,
anabwerera yekha ku kalavati kukayambiranso.
Ine ndinakhala pa njanji yofunda
n'kumudikira.