Tengatenga wa Mpweya

Pa Kwinzi ntchito yanga ndi kukoka zitsulo:
masilinda a mpweya, ataliatali ngati anthu,
ozizira ngati miyala ya mu Mudi m'mwezi wa Juni.
Gudumu limodzi la ngolo yanga limalira kwii, kwii,
ndipo odwala amandidziwira kulirako,
poti nkhope ndinaikwirira kale m'kansalu kabuluu.

Ndinkayesa mpweya ngwaulere.
Pano ndaudziwa bwino.
Umathyola msana, umafuna siginecha ya sisitala,
umatha usiku wapakati
singano ya geji ikagona chagada.

Kwathu amati agogo a bambo anga, a Muhiwa,
anagwidwa utengatenga pankhondo ya Jeremani.
Anasenza mabokosi a zipolopolo
mpaka khosi linalowa m'mapewa.
Mendulo sanabwere nayo.
Anabwera ndi chifuwa,
ndipo chifuwacho chinawatsogolera kulowa m'mudzi,
nkugona m'nyumba iliyonse ngati mlendo wa mfumu.
Dzina lake panalibe wolidziwa.
Anangoti chaka chija cha chimfine.

Bambo anga anakhoma mabokosi ku Ndirande
zaka zija anthu ankaonda osanena chifukwa,
pamaliro mkulu wa mpingo nkungoti
anadwala nthawi yaitali.
Fizi yanga inachokera m'misomali imeneyo.
Sindinaiwale fungo la vanishi.

Ine ndiye wachitatu.
Banja lathu mliri sulisowa pokhala.

Asiyatu wa ku labu anandiitana tsiku lina.
Bwerani mudzaone mdani wanu, achimwene.
Ndinkayembekeza nyanga, kapena mano.
Anandionetsa kamzere pakompyuta
kakukwawa pansi, kakukwawa,
kenaka nkudzuka njo ngati phiri la Soche.
Akuti kachilomboko sikaoneka,
ndiye makina amakachulukitsa, amakachulukitsanso,
mpaka katavomera kuti kalipo.
Ndinaganiza za a Muhiwa,
amene anafa osauzidwa kuti chawapha nchiyani.

Wailesi ikuti sambani m'manja pafupipafupi.
Mpopi wa pakiyosiki wakhala ukutsokomola mphepo
kuyambira Lachiwiri.
Ikuti khalani kunyumba.
Nyumba yake iti? Chipinda chimodzi, anthu asanu ndi awiri,
katani pakati.
Felesiya akapanda kufika pa Jinale ndi beseni la mandasi
ana adya chilengezo?

M'minibasi mayi wina anaona baji yanga
nkusendera mpaka kukhala pawindo.
Mlamu wanga amanditumizira mavoisi
akuti katemera ndi chizindikiro cha chilombo,
akuti kuchipatala tikubaya anthu kuti tilandire alawansi.
Sindimuyankha.
Dzulo wandiimbira, mawu ali pansipansi:
alamu, kodi kumeneko bedi ingapezeke?

Ndaonanso zimene sindinkayembekeza.
Mabwana aja ankakwera ndege mutu ukangowawa
apeza malire otseka.
Agona pano, moyang'anana ndi wogulitsa makala,
onse maso ali pa ngolo yanga.
Wina anandigwira dzanja nkunditchula bwana.

Pabedi yakumapeto panali a Makwinja,
mphunzitsi wopuma, wa ku Chilomoni.
Kulankhula kunkawadyera mpweya,
ndiye ankalemba kuseri kwa katoni ya mankhwala.
Analemba: gudumulo lithireni oyilo.
Pansi pake: ayi, lisiyeni, ndizidziwa kuti mukubwera.

Lachisanu ndinafika ndi silinda yodzaza.
Matiresi anali atapindidwa.
Katoni ija ili m'thumba mwanga.

Kukucha. Nkhungu yakuta Ndirande,
makondakitala ayamba kale kuitanira Limbe, Limbe.
Ndikubweza masilinda opanda kanthu kumbuyo kwa wodi,
ndipo chimene sindinauze aliyense ndi ichi:
yodzaza ndi yotha
m'manja zimalemera pafupifupi chimodzimodzi.
Gudumu lija sindinalithirebe oyilo.