Ndalama Yoti Itatayika Osalira

Ku Msasa magetsi athima cha m'ma naini.
Jenereta ya fakitale yoyandikana ikutsokomola ngati wa chifuwa chachikulu.
Mpanda ndazungulira kawiri, maloko onse ali m'malo,
galu wagona.
Tatsala ine ndi foni,
batire theka, bandulo ya dola imodzi.

Anandiikira chinthuchi ndi mwana wanga Tiyanjane.
"Adadi, muzingolemba ngati mukucheza ndi munthu."
Ndiye ndimalemba ndi chala chimodzi
Chichewa changa cha ku Mufakose, chothira Chishona,
icho n'kumayankha mwaulemu ngati mkamwini wongolowa kumene.

Nditachifunsa za masheya
chinati sheya ndi kachibenthu ka kampani,
ngati kugula njerwa imodzi pa nyumba ya eni
n'kumadikira lendi ya njerwayo.
Ndinaseka ndekha m'kanyumba ka pageti.
Zaka zonsezi ndikulondera njerwa za eni,
palibe anandiuzapo kuti amagulitsa imodziimodzi.

Sabata yatha ndinachijambulira tsamba la nyuzipepala
limene Gwanzura anakulungira chipisi chake,
timanambala tothithikana ngati nyerere pa shuga.
Chinawerenga: ya mowa, ya simenti, ya mbewu,
iyi ngongole yafika m'khosi,
iyi phindu lakwera, koma lakwera mu ndalama iti?
Chinafunsa chokha zimenezo,
ngati chikudziwa kuti mumzinda muno nambala imanenepa usiku
buledi akuwonda m'pepala.
Pena chinaphonya, mafuta anali atadya seveni
icho n'kumuyesa wani.
Ndinachikonza. Chinapepesa osakangana.
Abwana anga sanapepesepo chilembedwere ntchito.

Lero ndachipanikiza.
Ndili ndi madola zana limodzi ndi makumi anayi
m'chitini cha polishi, kuseri kwa wadiropu.
Usazungulire, ndigule iti?

Chati: za mawa sindizidziwa,
ndipo wokuuzani kuti akuzidziwa mumuthawe.
Mitengo ndili nayoyi mwina ndi yakale,
mukatsimikize kwa ogulitsa ovomerezeka.
Koma muikepo ndalama yokhayo
yoti itatayika simungalire.

Ndayang'ana mawuwo mpaka foni yadzithimitsa.

Imakhala kuti ndalama imeneyo?
Mwina ku Borrowdale, m'matumba a majekete oiwalika.
Kwathu dola iliyonse ili ndi dzina:
uyu ndi Lendi, uyu Fizi,
uyu ndi wa bungwe la maliro
kuti tsiku langalo asadzandikulunge m'bulangete.

Bambo anga, a Malizani,
anayenda wapansi kuchokera ku Ntcheu kudzera ku Tete,
n'kuphikira azungu ku Avondale zaka makumi atatu ndi zinayi.
Penshoni yawo inatuluka chaka cha maziro chija.
Tinaima pa mzere ku banki kuyambira mbandakucha,
pofika pa windo
inangokwana basi yobwerera, munthu mmodzi.
Ine ndinabwera wapansi.
Iwo sanalire.
Anangosiya kutsegula wailesi.

Ndachilembera zonsezi, kaya chifukwa chiyani.
Chati pepani.
Kenaka chafunsa ngati tingawerengere limodzi
zolowa ndi zotuluka pamwezi.
Tawerenga, mpaka palafini, mpaka machesi,
mpaka ija ndimatumiza kwa alongo anga ku Tsangano mvula ikayandikira.
Zatsala madola naini.
Naini, ndikasiya fodya.

Chitinicho, chati, chisiyeni pomwe chili,
matenda sagogoda.

Kunja kwayamba kuyera.
Makombi akukuwa kale pamsewu wa ku Mutare,
Gwanzura uyo akubwera ndi njinga yake yopanda buleki,
akuimitsa ndi chidendene.
Batire yatsala kamzere kofiira.
Ndalemba pachikhatho dzina la kampani ya simenti ija
kuti Tiyanjane akandifufuzire bwino masana.

Ndudu ili kukhutu kuyambira pakati pa usiku.
Sindinaiyatse.
Sindinaitayenso.