Musakhudze Sitepe ya 212

Foni inalira tulo tisanakhwime.
"Aysun, mzere wachitatu wayima."
Anali Nevzat, mkulu wa shifiti ya usiku,
mawu ake ngati a munthu woonerera ndalama zikugwera m'ngalande:
mphindi iliyonse lamba akagona
zitseko ziwiri za galimoto sizibadwa.

Ndinadutsa mzinda wa Bursa uli m'bulangeti,
chipale chili mbuu pamutu pa Uludağ,
laputopu kumsana ngati mwana wodwala.

M'fakitale munali zii.
Maloboti asanu atakweza mikono m'mwamba
ngati mboni zoiwala chomwe zimati zilumbire.
Nyali yofiira yokha ndiyo inkaphethira.

Ndinatsegula kabati, n'kulumikiza waya,
makwerero aja n'kutambasuka pagalasi:
masitepe mazana anayi ndi mphambu,
iliyonse ndi funso limodzi lokha.
Kodi chitseko chatsekeka? Chitsulo chafika?
Dzanja la munthu lachokapo?
Inde kapena ayi. Makina sadziwa "mwina".

Amene analemba zonsezi anapita ku Stuttgart kalekale
osasiya ndi liwu lomwe lofotokoza.
Pa sitepe ya 212 anangoti: musakhudze.
Ndimamutukwana chamumtima, kenaka n'kumuthokoza,
poti akanalemba bwino, ndani akanandifuna usiku?

Kukoleji anatiphunzitsa masamu a magetsi.
Sanatiuze kuti udzagwada pa girisi,
kuti mphuno idzadziwa fungo la mota yotopa,
kuti udzafunsa Şükran wa pamakina, motsitsa mawu,
"Chinachitika n'chiyani phokoso lisanamveke?"
n'kudikira mpaka mantha oti umuneneza amuchoke.
Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Inali sensa.
Kanthu kosaposa chala changa chakumapeto,
kochita khungu ndi fumbi la zowotcherera,
koyankha mochedwa ndi theka la sekondi.
Ndinakapukuta ndi mkono wa juzi,
ndinasintha nambala imodzi,
pansi pake n'kulembapo chifukwa, tsiku, ndi dzina langa.

Lamba anatsokomola, n'kuyamba kuyenda.
Nevzat sananene kanthu,
anangondipatsa tiyi m'kagalasi kowonda m'chiuno.

Mwezi ukatha, papepala pamalembedwa maola anga,
osati zitseko zomwe ndinapulumutsa.
Chaka chatha anandikwezera malipiro;
lendi inamva, n'kuthamanga kukandidikira patsogolo.
Ferit, tinali naye kalasi imodzi, akukhala m'ndege,
kudzutsa mafakitale atsopano m'mayiko a eni.
Amalandira mayuro, zanga kuziwirikiza katatu,
koma mapazi oyamba a mwana wake anawaonera pafoni
atakhala pa dilamu ya waya, chipewa chachitsulo chili kumutu.

Nanenso kalata ili m'thumba,
yatha m'mapindiro ndi kuwerengedwa.
Akuti ndiphunzire chinenero chawo
ndi chinenero cha maloboti awo, ndiye tidzakambirane.
Ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi pantchitoyi,
masatifiketi atatu, bondo limodzi lopweteka,
ndi bambo amene saoloka msewu popanda mkono wanga.
Ndikudziwa, mapanga awiri avumbwitsa.
Komabe kalatayo sindinaitaye.

Kunja kukucha.
A shifiti ya m'mawa akulowa akuyasamula,
sadziwa kuti usiku kunali maliro a mphindi makumi anayi.
Pantchito yanga, ukagwira bwino
palibe amadziwa kuti unabwera.

Dilruba, wophunzira ntchito wa masabata atatu,
akundifunsa monong'ona ngati ntchitoyi imalipira.
Ndikumuuza nambala yeniyeni, osachotsera, osawonjezera,
pakuti ine palibe anandiuza.
Akuwerengera pazala, akukhala chete.

Ndikumupatsa kansanza.
"Yamba wapukuta maso a makina.
Ukamaliza ubwere ndi kope lako,
lero tikhudza sitepe ya 212."